Ndinakana mwamuna wanga chifukwa cha malata

Inu owerenga, nkhani imene ndikufuna kukuuzaniyi ndi yochititsa manyazi, ndipo wolakwa wake ndine ndemwe. Sindinalodzedwe, ndipo palibe amene anandigwira dzanja pokasaina. Ndinakhala ndi amuna awiri nthawi imodzi, wina wa kumzikiti wina wa papepala, ndipo tsiku limene anandifunsa kuti mwamuna wanga ndi uti, ndinatchula wolakwika. Dzina langa ndilibisa chifukwa cha ana, koma zina zonse ndinena monga momwe zinachitikira.

Kwathu ndi kwa Kawinga, kupitirira Nsanama, kumene mphepo ya ku nyanja ya Chiuta imafika ndi fungo la matemba. Mwamuna wanga, Che Bwanali, anabadwira kutsidya kwa nyanjayo, mbali ya Mozambiki. Kwa inu akutali zimenezi zingamveke ngati nkhani, koma kwathu kuno si kanthu. Chiyao chathu n'chimodzi, maliro timayenderana, ndipo palibe amene anaonapo mzere wa malire pamadzi. Iye anabwera ndi bwato kudzagulitsa nsomba padoko, anandiona, anakandifunsira kwa amalume, ndipo tinamanga nikaha kumzikiti wa m'mudzi mwathu. Shehe anawerenga, ankhoswe anavomera, mpunga unadyedwa. Pa mahari anga, mphatso imene mwamuna amapereka kwa mkwatibwi, ndinangopempha chipini chasiliva cha pamphuno, ndipo anakachifuna mpaka ku Ntaja. Pepala sitinalembe lililonse, chifukwa nthawi imeneyo palibe amene ankaliganizira.

Monga mwa mwambo wathu, anadzakhala kwathu pachikamwini. Anaumba njerwa, anamanga nyumba pamalo a mayi anga, ndipo tinabereka ana anayi, woyamba dzina lake Asiyatu. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zimene tinakhala, sanandikwezerepo dzanja. Vuto lake linali limodzi, ngati mungalitche vuto: munthuyo bodza sankalidziwa. Nsomba ikakhala ya dzulo, ankamuuza wogula kuti ndi ya dzulo. Ine ndi pakamwa pangapa ndinkamuseka kuti ndi shehe wopanda mzikiti, ndipo ndinkamufunsa ngati chilungamo chakecho tidzachithire mchere n'kudyera. Iye ankangomwetulira n'kupitiriza kusoka ukonde wake.

Nthawi imene boma linkalembera anthu ziphaso za unzika, anzake ambiri obadwira kutsidya analembetsa popanda vuto, chifukwa mudzi wonse unali wokonzeka kuwaikira umboni woti anabadwira konkuno. Che Bwanali anaima pamzere ngati wina aliyense. Atamufunsa kumene anabadwira, anatchula mudzi wakwawo weniweni, ndipo anabwera kunyumba chimanjamanja. Tsiku limenelo ndinamulalatira mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Iye anangoti sangamaswali kasanu patsiku ali ndi bodza m'thumba la malaya. Kuyambira pamenepo nambala ya foni yake inali m'dzina langa, za feteleza wotsika mtengo ndinkalembetsa ndine, ndipo maulendo aatali ankawapewa.

Tsono nyumba yathu inali yofolera udzu, ndipo udzuwo unkatopa msanga. Mvula ikagwa tinkatchera mabeseni ndi mapoto, makope a ana ankanyowa, ufa unkachita nkhungu. Anzanga amene amuna awo anapita ku Joni anali atakhoma malata, ena mpaka magetsi oyendera dzuwa. Wanga sakanapita ku Joni, pasipoti akanaitenga kuti? Ndikamadutsa pa nyumba zawo dzuwa likung'anima padenga, mtima unkandipweteka. Ndisakunamizeni kuti inali njala, ayi, njala sitinagonepo nayo. Kanali kaduka basi, ndi manyazi akuti ine wolongolola pachitsime ndikugona m'nyumba yodontha.

Popeza Che Bwanali ankapewa misewu, wopita ndi nsomba kutauni ndinali ine. Tsiku lina ndinakwera sitima kupita ku Balaka ndi mtanga wa milamba yowamba, ndipo ndinafikira kwa msuweni wanga Abiti Jafali, amene ankagulitsa zitenje mumsika. Nsomba zitatha, anandikokera kuseri kwa benchi lake. Anati pali bwana wina, mwini sitolo ya malata ndi simenti, wochokera kudziko lakutali, amene chilolezo chake chokhalira muno chinali pafupi kutha. Ankafuna mkazi wa Chimalawi woti akalembetse naye ukwati kuboma, kuti pambuyo pake adzapemphe unzika monga mwamuna wa nzika. Sankafuna wogona naye. Atsikana a m'tauni ankawaopa kuti angamukakamire, tsono ankafuna mayi wakumudzi, wokhala kutali, woti sadzamuvutitsa.

"Koma ine ndili pabanja," ndinatero.

"Banja lakolo lili pa pepala liti?" anandifunsa Abiti Jafali. "Ukwati ndi nikaha, mwali. Ukwati ndi shehe ndi ankhoswe. Izi za kubomazi n'zolembalemba chabe, ngati kulembetsa njinga yamoto. Che Bwanali ataya chiyani? Iwe ungosaina, malata a nyumba yonse akupeza pakhomo, ndi misomali yomwe."

Inu owerenga, apa ndi pamene ndinagwera, ndipo ndikudziwa kuti amayi ambiri akwathu akanagwera pomwepa. Ife tinakula tikudziwa kuti ukwati umamangidwa pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa mbumba, ndipo mapepala ndi zinthu za anthu a m'maofesi. Ndinadziuza kuti popanda nkhoswe, popanda shehe, popanda mahari, palibe ukwati, tsono palibenso tchimo. Ndinkadziona wochenjera kuposa mwamuna wanga, amene chilungamo chake chinatisiya m'nyumba yaudzu. Ndinavomera tsiku lomwelo, tiyi amene anandigulira asanazizire n'komwe.

Anasankha kuti zichitikire ku Balaka chifukwa kumeneko kunalibe wondidziwa. Maina athu anawamata pabolodi masiku angapo kuti wotsutsa atsutse, koma ndani wa kwa Kawinga akanapita kukawerenga bolodi la ku Balaka? Chiphaso changa chinali ndi dzina la bambo anga, monga momwe zilili ndi akazi ambiri kwathu, ndipo panalibe chosonyeza kuti ndine mkazi wa munthu. Tsikulo litakwana Abiti Jafali anandibwereka diresi loyera ndi mpango wonyezimira. Bwanayo ndinamuona koyamba pakhomo la ofesi. Anali wamfupi, waulemu, wonunkhira mafuta odula, ndipo sanandiyang'ane m'maso ngakhale kamodzi. Wolembetsa maukwati atandifunsa ngati ndinali pabanja lina, ndinati iyayi. Ndinakweza dzanja, ndinalumbira, ndinasaina.

Kenako anatijambula zithunzi: titakhala pasofa kunyumba kwake, titaima m'sitolo, dzanja lake lili paphewa panga. Zovala zonse zinali zobwereka, koma chipini changa chinali pamphuno pomwepo, chifukwa sindinachivulepo chikwatiwire ndipo sindinkachimvanso kuti chilipo. Mphete imene anandiveka ndinaivula musitima tisanafike pa Liwonde, n'kuimanga pansonga ya chitenje. Kunyumba ndinaikwirira m'chitini cha mbewu ya nandolo.

Malata anafika pa Nsanama pa lole, ndipo tinakawatenga pa ngolo. Ndinamuuza Che Bwanali kuti atumiza ndi achimwene anga amene ali ku Joni, munthu woti chipitire sanatumizepo ngakhale sopo, foni yake sinkapezekanso. Mwamuna wanga anawagwiragwira malatawo misozi ikulengeza, akungoti Alhamdulillah. Anakana kuitana mmisiri. Anakwera yekha padenga m'dzuwa lija la Okutobala, masiku atatu, manja atachita matuza, ine ndili pansi kumupatsira misomali. Lachisanu lililonse akachokera kumzikiti ankandiuza kuti wawapempherera alamu ake kuti Mulungu awawonjezere pamene anachotsapo. Ine ndinkangoti amina. Amayi a m'mudzi anabwera kudzaona, ndipo pachitsime ndinayamba kuyenda mwamatama. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Panadutsa madzinja awiri denga lisakudontha. Nthawi ndi nthawi ndikapita ndi nsomba ku Balaka, ndinkavala mphete ija n'kukakhala m'sitolo kwa ola limodzi kuti oyandikana nawo andione. Anandiphunzitsa zoyankha ngati a boma atabwera: chakudya chimene bwanayo amakonda, maina a makolo ake, mbali ya bedi imene amagona. Ndinaziloweza ngati mwana wa kumadrasa. Nthawi zonse pondiperekeza, Abiti Jafali ankandikumbutsa kuti ndikadzangoyerekeza kuulula, wopita kundende ndine, chifukwa wolumbira zabodza ndine.

Zinthu zinatembenuka sabata ina pamene mwana wathu wotsiriza anadwala malungo. Sindikanamusiya, ndipo nsomba zinali zitawambidwa kale, tsono Che Bwanali anati apita nazo yekha. Pamsewu wa ku Liwonde anapeza a zolowa ndi kutuluka m'dziko akufunsa ziphaso. Atamufunsa kwawo, mukudziwa kale chimene anayankha. Anamutsitsa m'galimoto, ndipo amalume, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu, anathamangira komweko kukamuikira umboni. Anthuwo sanamuchitire nkhanza. Atamva kuti wakhala muno zaka zonsezi, ali ndi mkazi wa Chimalawi ndi ana anayi, anamuuza kuti njira ilipo: munthu wokwatira nzika angathe kupempha chilolezo chokhazikika, ndipo pambuyo pake unzika. Anamupatsa nthawi yoti akonze zimenezo, n'kumuchenjeza kuti akapanda kutero ayenera kubwerera kwawo.

Anafika kunyumba akusangalala ngati mwana wopatsidwa malaya a Idi. "Waona, mayi a Asiyatu?" anatero. "Njira yowongoka inalipo. Ndidzakhala Mmalawi kudzera mwa iwe, popanda kunama." Ine ndinakumbukira pepala la ku Balaka lija. Ndinayesa kumugwetsa ulesi kuti zimenezo n'zotenga nthawi, maofesi ndi otopetsa, angokhala monga kale. Iye anadabwa kuti munthu yemwe uja anamulalatira chifukwa chosowa chiphaso ndi amene akumuletsa lero. Pamenepo ndi pamene ndikanagwada n'kumuuza zonse, tili awiri m'nyumba mwathu. Sindinatero. Ndinadzinamiza kuti mapepala a ku Balaka amathera ku Balaka, ndipo sangakumane ndi a ku Machinga. Tinatenga kalata ya kumzikiti, kalata ya kumudzi ndi umboni wa amalume, ndipo pafomu yake ndinalembapo nambala ya chiphaso changa ndi dzanja langali.

Patapita milungu ingapo anatiitana kuti tikayankhe mafunso. Tinanyamuka m'mawa anthu atatu, ine, iye ndi amalume. Che Bwanali anavala mkanjo wake woyera ndi kofia yatsopano. Titafika, mayi wina wachikulire wovala mandala, amene ankaona za pempho lathu, anati ndiyambe ndalowa ndekha. Patebulo pake panali mafayilo awiri. Anatsegula limodzi, n'kunditembenuzira chithunzi chija cha pasofa.

Ndinayamba kubwebweta kuti zimenezo zinali za papepala chabe, osati ukwati weniweni. Mayiwo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, ndipo anandilongosolera modekha zimene palibe anandiuzapo. Anati pamaso pa lamulo nikaha ndi ukwati, ngakhale popanda pepala, ndipo wa kuboma nawonso ndi ukwati. Ngati ndinali mkazi wa Che Bwanali tsiku limene ndinalumbira ku Balaka, ndiye kuti ndinalumbira zabodza, ndipo umenewo ndi mlandu wa kukhoti. Koma ngati wa ku Balaka ndiye woona, ndiye kuti bambo amene akhala pabenchi panjapo alibe poimira, ayenera kutuluka m'dziko.

"Ganizani bwino, musafulumire," anatero. "Mayi, mwamuna wanu ndi uti?"

Inu owerenga, ndikanakonda kukuuzani kuti ndinasokonezeka mutu, koma ndanena kale kuti sindinamanso. Ndinaganiza bwinobwino. Ndinaona ndende, ndinaona ana anga akundibweretsera chakudya pawaya, ndinaona amayi a pachitsime akuombana m'manja. Mawu a Abiti Jafali ankalira m'makutu mwanga. Munthu yekhayo amene sindinamuganizire ndi amene anali pabenchi ndi kofia yake yatsopano. Ndinati mwamuna wanga ndi wa ku Balaka.

Mayiwo anavula mandala, anandiyang'ana kanthawi, kenako anati popeza pempholi ndi la bambowo, ndiyenera kubwereza pamaso pawo. Anawaitana onse awiri. Che Bwanali analowa akumwetulira, anapereka moni ndi manja awiri, n'kukhala pafupi nane. Mayiwo anamuonetsa chithunzi chija, ndipo anandifunsa, akuloza Che Bwanali, kuti awa ndi ndani wanga.

"Ndi bambo a ana anga," ndinatero, maso ali pansi. "Tinasiyana kalekale."

Amalume anadzambatuka pampando n'kukuwa kuti, "Iwe!" Koma Che Bwanali anawagwira pamkono, n'kuwakhazika pansi. Anatenga chithunzicho n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Sankayang'ana bwanayo, kapena dzanja limene linali paphewa panga. Chala chake chinaima pamphuno panga, pa chipini chija. Mayi wa ofesiyo anamufunsa ngati zimene ndanenazo zili zoona, ndipo anamuuza mosabisa kuti akatsutsa nkhaniyo ipita kukhoti, woyankha mlandu adzakhala ine.

Munthu amene anakana chiphaso chifukwa cha mawu amodzi abodza sanatsutse bodza langa. Kenako anabweza chithunzicho patebulo mwaulemu.

"Lembani zimene anena mayiwa," anatero.

Anadinda chala pa pepala lochotsa pempho lake, ndipo anamupatsa masiku oti akhale atatuluka m'dziko. Pobwerera anandisiyira mpando wa pawindo monga ankachitira nthawi zonse, chifukwa ankadziwa kuti galimoto imandichititsa nseru. Ndikanakonda akanandimenya pamaso pa anthu onse, mwina ndikanapeza polirira.

Masiku otsatirawo anakonza mpanda wa kubafa umene unagwa, anatsiriza kulima kudimba, anakhomanso chitseko cha khola. Kenako ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pakhonde pathu, ndipo ine ndinaulula zonse ndikulira, kuyambira pa benchi la Abiti Jafali mpaka pa chitini cha nandolo. Ndinatulutsa mpheteyo n'kuiika pamphasa. Che Bwanali anandifunsa funso limodzi lokha, ngati malata aja anatumizadi ndi alamu ake. Ndinati iyayi. Anayang'ana m'mwamba, padenga limene anakhoma ndi manja ake, n'kugwedeza mutu. Amalume anamupempha kuti asankhe chimodzi, andikhululukire tikhale monga kale, kapena andipatse talaka kuti aliyense adziwe pamene waima.

"Amalume," anayankha, "talaka amapatsa mkazi wako. Awa anena okha pamaso pa boma ndi pamaso panu kuti ndi mkazi wa mwini. Ine ndingasudzule bwanji mkazi wa mwini?"

Ananyamuka m'mawa wa tsiku lachitatu. Mkamwini amachoka ndi zimene anabwera nazo, tsono anatenga ukonde wake, mkeka wake woswalira ndi kachikwama ka zovala. Nyumba, munda ndi mbuzi anasiya. Ana anamuperekeza mpaka padoko, Asiyatu, mwana wathu woyamba, atamunyamulira chikwama. Ine ndinatsatira chapatali ngati mlendo. Anawasisita ana pamutu mmodzimmodzi, anakankha bwato, ndipo sanacheuke.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka akwathu, mukuti nanga vuto n'chiyani, popeza pa Chiuta anthu amaoloka m'mawa n'kubwerera madzulo popanda wowafunsa? N'zoona. Atafuna, Che Bwanali akanatha kudya chakudya chamasana pakhomo pano lero lomwe. Chimene chikumuletsa si boma, si malire. Ndi mawu anga aja.

Nditapita ku Balaka kuti mwina bwana uja andithandize, ndinapeza sitolo ili ndi mwini wina. Ankati anamva kuti a boma ayamba kufufuza za ukwati wake, ndipo anasamuka osatsanzika aliyense. Abiti Jafali anandiuza m'maso muli gwa kuti iye anangondionetsa njira, woyendamo ndinali ine. Zinandipweteka, koma sananame. Kunyumba Asiyatu anasiya kudya nane mbale imodzi. Wamng'ono uja ankati akamva phokoso la njinga panja, ankathamangira pakhomo.

Ndinapirira miyezi isanu, kenako ndinalephera. Ndinavala chitenje changa, ndinakwera galimoto, n'kukagogoda pa ofesi ya mayi a mandala aja. Ndinawauza kuti tsiku lija ndinanama, mwamuna wanga ndi Che Bwanali ndipo sindinakhalepo ndi wina. Iwo anati anadziwa tsiku lomwelo, koma sakanandiyankhira. Nkhani inapita kukhoti, ndinavomera mlandu, ndipo poona kuti ndinadzipereka ndekha komanso ndili ndi ana, anandilamula kugwira ntchito yosesa ndi kulambula pamalo ena a boma kwa miyezi ingapo, ndikugona kwathu. Ukwati wa ku Balaka unathetsedwa. Anthu anandiseka, inde, koma kuseka kwawo kunatha msanga, anapeza nkhani zina. Inu owerenga, chimene ndinachiopa mpaka kukana mwamuna wanga chinali tsache.

Nditalandira pepala la kukhoti, ndinakwera bwato la asodzi n'kuoloka. Ndinamupeza kwa mlongo wake, akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, ataonda, ndevu zitayamba imvi. Anandiyalira mphasa, anandipatsa madzi akumwa, anafunsa za ana mmodzimmodzi ndi za mayi anga. Ulemu wonse umene amapatsa mlendo anandipatsa. Ndinagwada, ndinamupatsa pepalalo, n'kumuuza kuti tsopano njira yatseguka, angathe kupemphanso, ndipo ine ndidzaima pamaso pa aliyense kunena kuti ndi mwamuna wanga. Analigwira kanthawi, n'kundibwezera.

"Pepala lafufuta pepala linzake, mayi a Asiyatu," anatero. "Nanga zimene ndinamva ndi makutu angazi afufute ndani?"

Pondiperekeza kudoko anandifunsa ngati denga likudontha. Ndinati iyayi. Iye anati, "Alhamdulillah, ana asanyowe." Mpaka lero amatumiza nsomba ndi mpunga kudzera mwa asodzi anzake, ndipo ana amapita kukamuona sukulu akatsekera. Sanakwatire wina, talaka sanandipatse, ndipo sanabwere. Chipini chake ndikadavalabe. Sindikudziwa ngati ndine mkazi wapabanja kapena ayi, ndipo ndilibe ufulu womufulumizitsa.

Tsono inu owerenga, makamaka amayi anzanga a ku Machinga ndi ku Balaka, wina akadzabwera ndi mawu okoma akuti mungobwereketsa dzina lanu kwa mlendo wofuna unzika, kuti n'zapapepala chabe, muthaweni ngakhale atakhala mbale wanu wa bere limodzi. Palibe ukwati wa papepala chabe. Dzanja limene mukweze polumbira ndi lanu, ndipo tsiku lofunsidwa likadzafika, amene anakunyengererani sadzakhalapo. Inu amene munakwatiwa ndi anthu obadwira kutsidya, chiphaso chanucho ndi chimene chingadzawathandize amuna anu tsiku lina, musachigulitse. Ndipo ngati mwalakwa kale, kauzeni mnzanuyo lero, muli awiri m'nyumba, asanakazimve kwa mlendo muofesi. Ine ndikhulupirira kuti za malata zokhazo Che Bwanali akanandikhululukira. Chimene chinamuthyola ndi kumukana ali pomwepo.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ine ndinkayesa mwambi chabe. Dzinja lino mvula yagwa yambiri kwathu kuno, ndipo nyumba zaudzu zadontha m'mudzi monse. Yanga sinadonthe ngakhale dontho limodzi, chifukwa anaikhoma bwino mwini wake. Ikayamba kugwa ndimakhala pakati pa nyumba n'kumamvetsera phokoso la padenga, ndipo ndikanakhala ndi mwayi wosankhanso, ndikanasasula malata onsewa ndi manja anga, n'kubwezeretsa udzu uja, kuti ndizitchera mabeseni iye ali pakhonde akusoka ukonde wake.